Phapo likaphwa pambuyo pa opaleshoni yochepetsa mabere: zoti gadiyani aziyang'ana

"Sisi, bra iyi ikundithina." Mng'ono wanga ananena zimenezi katatu madzulo amenewo. Kawiri koyamba ndinamuyankha monga ndimayankhira odwala ndikatopa: "Iyenera kuthina, ndiyo ntchito yake. Imwa panado ugone." Ndagwira ntchito ya unesi m'mawodi a opaleshoni ku England zaka zoposa 10, ndipo mpaka lero yankho limenelo limandichititsa manyazi.

Anali atachitidwa opaleshoni yochepetsa mabere pachipatala china cholipira ku Johannesburg. Mabere anayamba kumulemera ali kusekondale. Zingwe za bra zinamudula mizere m'mapewa, msana sunkaleka kuwawa, ndipo mwezi wa Okutobala ukafika kunsi kwa mabere kunkanyeka ndi thukuta. Anasunga ndalama zaka zinayi. Dokotala anachotsa pafupifupi magalamu 700 mbali iliyonse, mtsikana anagona m'chipatala usiku umodzi, m'mawa mwake n'kutulutsidwa akumwetulira. Ine ndinali nditatenga tchuthi kuti ndikhale gadiyani wake, ndipo tinkafikira kwa msuweni wathu.

Kachitatu mawu aja sanatuluke pamodzi. "Sisi... iku... ndithina." Anapumira pakati pa mawu awiri okha. Apo m'pamene ndinasiya foni, n'kukhala m'mphepete mwa bedi kuyang'ana chifuwa chake. Pamphindi imodzi anapuma ka 28. Mtima unkagunda ka 118. Kamakina ka pachala koyezera okosijeni m'magazi kanaonetsa 91, nambala yotsika. Nditadina ndi zala pansi pa fupa la m'khosi mbali ya kumanja, khungu linalira tcheretchere ngati ukufinya jumbo youma. Pasanathe ola tinali titabwerera kuchipatala, ndipo ekisire inaonetsa kuti phapo lake la kumanja laphwa.

Ndisakuopsezeni. Vutoli silichitikachitika. Amayi ambiri amene ndawasamalira atachepetsedwa mabere amadandaula za mabala ochedwa kupola, dzanzi pansonga za mabere ndi zipsera, basi. Kusowa kwakeko ndi kumene kumachititsa kuti likabwera tonse tiziloza bra.

Chimene chimachitika m'chifuwamo

Phapo lilibe mphamvu yodzifutukula lokha. Limatsatira nthiti. Lakutidwa ndi nembanemba yopyapyala, mkati mwa nthiti mulinso nembanemba ina, ndipo pakati pa ziwirizi pali timadzi tochepa kwambiri. Amene munatsukapo mbale mukudziwa mmene mbale ziwiri zonyowa zimamatirirana: zimatha kutsetsereka, koma kuzilekanitsa n'kovuta mpaka mpweya utalowa pakati. Chimodzimodzi phapo ndi nthiti. Nthiti zikatukuka, phapo limakokeka n'kudzaza mpweya. Mpweya ukapeza polowera pakati pa nembanemba ziwirizo, kumatirirana kuja kumatha, phapo n'kukhwinyata ngati chubu cha njinga chitabooka. Achipatala amati pneumothorax, dzina limene dokotala wa ku France, Jean Itard, analiyambitsa mu 1803. Lisungeni dzinali, likuthandizani pakhomo la chipatala.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a TB asanapezeke, madokotala ankaphwetsa dala phapo lodwala kuti "lipumule". Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Carlo Forlanini wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo anthu ankayenda miyezi ndi phapo limodzi. Tsono phapo kuphwa pakokha si imfa. Choopsa ndi pamene bowolo likulowetsa mpweya osautulutsa, ngati valavu ya tayala. Mpweya umangounjikana mpaka kukankhira mtima mbali ina ndi kupana mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi. Zikafika apo munthu atha kutisiya m'mphindi zochepa.

Mwina mukufunsa kuti mpweyawo ulowa bwanji, popeza bere lili kunja kwa nthiti. Zoona, bere limakhala pamwamba pa mnofu, mnofu pamwamba pa nthiti, ndipo dokotala wochepetsa mabere alibe chokachita mkati. Koma pakati pa nthiti ndi nthiti mpata wofika kuphapo ndi waung'ono, makamaka kwa munthu wochepa thupi. Opaleshoni isanayambe ambiri amabaya mankhwala ochititsa dzanzi ndi ochepetsa kutaya magazi pogwiritsa ntchito singano yaitali. Wogonetsa odwala nayenso nthawi zina amabaya pafupi ndi nthiti kuti ululu usadzakhale waukulu munthu akadzuka. Palinso kachitsulo kosongoka kamene amalowetsera timachubu totulutsa magazi, kapaipi koyamwira mafuta cham'khwapa, ndi chida chootchera mitsempha yotuluka magazi. Chilichonse mwa izi chikapitirira pang'ono chabe, bowo lapezeka. Nthawi zina palibe amene waboola: ena ali ndi timatuza tofooka pamwamba pa phapo, ndipo makina opumitsa munthu ali mtulo akamakankha mpweya, kathuza kamodzi kamaphulika. Mu 2005, madokotala okonza thupi a ku California atafunsidwa, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene anayankha anati zinamuchitikirapo kamodzi kapena kuposa pa opaleshoni yokulitsa mabere. Yochepetsa siyandikira nthiti kwambiri ngati imeneyo, koma singano zake ndi zomwezo.

Bowo la singano ndi laling'ono, mpweya umadontha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake munthu atha kudzuka bwinobwino, kudya, kutulutsidwa, vuto n'kudzaonekera kunyumba patapita maola ambiri, pamene nesi palibe. Watsala ndi inu agadiyani.

Musanalowe ku fiyeta

Safunsa anadya phula. Tsiku lokaonana ndi dokotala, wodwala anene zonse za m'chifuwa mwake, ngakhale zimene akuona ngati zinatha kalekale. Ngati anadwalapo TB, anene, ngakhale kuti anamaliza mankhwala zaka 15 zapitazo, chifukwa TB imasiya zipsera ndi timatuza m'mapapo. Dokotala wa ku London kapena ku Cape Town mwina saganiza zofunsa, ndipo ife timakonda kubisa. Mphumu, chibayo chobwerezabwereza, phapo limene linaphwapo kale, zonsezi zinenedwe. Fodya ndi chamba, ngakhale shisha wa pa wikendi, asiyidwe masabata angapo opaleshoni isanafike. Madokotala ambiri amati asanu ndi limodzi. Fodya amafooketsa mapapo komanso amachedwetsa mabala kupola.

Funsaninso zinthu zitatu, ndipo mayankho ake mulembe papepala: kodi abaya mankhwala a dzanzi pafupi ndi nthiti, kodi nambala yoimba usiku ndi iti, komanso chipatala chapafupi chojambula ekisire usiku wonse chili kuti. Ife funso lachitatuli sitinafunse. Tinangochita mwayi kuti msuweni wathu ankadziwa njira.

Gulani kamakina koyezera okosijeni pachala ku famase, ndipo muyeze wodwala ali bwino, opaleshoni isanachitike, kuti mudziwe nambala zake za masiku onse. Zikhadabo zomata ndi penti wa m'zikhadabo zichotsedwe, ngakhale chala chimodzi chokha.

Masiku atatu oyamba kunyumba

Pano m'pamene pagona nkhani. Munthu amene wadulidwa mabere onse awiri amamva kuwawa pachifuwa, amamva kuthina, ndipo sapuma mozama chifukwa akuopa mabala. Zonsezi n'zoyembekezeka. Ntchito yanu ndi kusiyanitsa ululu wa mabala ndi ululu wa phapo.

Ululu wa mabala umakhala mbali zonse ziwiri, uli pamwamba, umanyeka kapena kukoka, umakula munthu akakweza mkono kapena akatembenuka, ndipo akamwa mankhwala umatsika. Tsiku lililonse umacheperako. Wa phapo umakonda mbali imodzi, uli mkati, umabaya ngati chibayo munthu akakoka mpweya kapena akatsokomola, ndipo kawirikawiri umathamangira kuphewa kapena kumsana. Mng'ono wanga ankangosisita phewa la kumanja, ine n'kumati ndi mmene anagonera pa tebulo la opaleshoni. Mufunseni wodwala kuti aloze ndi chala pamene pakuwawa. Akaloza pamzere wa ulusi, mtima ukhale pansi. Akaika dzanja lonse m'mbali n'kunena kuti "mkatimu", khalani tcheru.

Werengani kapumidwe kake katatu patsiku, komanso nthawi iliyonse imene akudandaula. Musamuuze kuti mukuwerenga, chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Gwirani dzanja lake ngati mukumva kugunda kwa mtima, maso ali pachifuwa, ndipo muwerenge mphindi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Kukwera ndi kutsika ndi kamodzi. Munthu wamkulu amene wangokhala amapuma ka 12 mpaka 20 pamphindi. Akapitirira 20 n'kukhala pomwepo, imbirani achipatala. Akafika 25, kuwodi kwathu timathamanga, inunso thamangani. Mtima ukamagunda kupitirira 100 munthu ali chigonere, ndi chizindikiro china. Dziwaninso kuti mankhwala amphamvu a ululu monga codeine, tramadol ndi morphine amachedwetsa kupuma, sakufulumizitsa. Munthu amene wamwa mankhwala otere koma akupumabe wefuwefu, musanamizire mankhwalawo.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kumulankhulitsa. Muuzeni awerenge kuyambira 1 mpaka 20 mokweza, kapena akufotokozereni zimene anadya dzulo. Amene dzulo amamaliza chiganizo koma lero akudula mawu pakati kuti apume, wasintha, ndipo kusinthako n'kokwanira.

Kamakina ka pachala kamathandiza, koma kwa ife akhungu lakuda kamatha kunama. Kafukufuku wa ku University of Michigan wa mu 2020 anapeza kuti okosijeni wotsika amene kamakinako sikanamuone ankapezeka pafupifupi katatu mwa odwala akuda poyerekeza ndi azungu. Kamakonda kuonetsa nambala yokwererapo kusiyana ndi yeniyeni. Tsono kakaonetsa 92 kapena kutsikirapo, khulupirirani n'kunyamuka. Kakaonetsa 96 koma munthu akubanika, khulupirirani munthuyo. Zala zikhale zofunda poyeza, dzanja lili phee. Mabuku amanenanso kuti milomo imasanduka ya buluu. Pakhungu lathu zimenezo simuziona msanga. Tembenuzani mlomo wa m'munsi muone mkati, muone lilime ndi nkhama. Zikatuwa ngati phulusa, zinthu zafika poipa.

Kenako dinani pang'ono ndi nsonga za zala pansi pa fupa la m'khosi, m'mbali mwa khosi ndi cham'khwapa, kutali ndi mabala. Mpweya ukathawira pansi pa khungu umalira monga ndanenera, ndipo mukaumva kamodzi simudzauiwala. Kampweya kochepa pafupi ndi bala kamatha kutsalira pa opaleshoni iliyonse, koma kakamakwera kukhosi munthu akupuma movutika, ndi uthenga wochokera kuphapo. Imaninso kumiyendo kwa bedi muyang'ane ngati mbali zonse za chifuwa zikukwera mofanana, ngakhale ndivomereze kuti ndi mabandeji ndi bra zimavuta kuona.

Pali matenda ena awiri amene amabwera ndi nkhope yomweyi. Magazi oundana ochokera m'mwendo akakatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu amabanika, mtima umathamanga, chifuwa chimabaya, ndipo mwina katumba wa mwendo umodzi watupa. Magazi akamatayikira mkati mwa bere, bere limodzi limakula msanga, kulimba ndi kuda. Simukuyenera kudziwa kuti mwa atatuwa ndi ati. Onse njira yake ndi imodzi, ya kuchipatala, usiku womwewo.

Palinso kuphwa kwina kumene madokotala amati atelectasis, pamene timatumba ta mpweya ta kunsi kwa mapapo timamatirira chifukwa munthu wagona nthawi yaitali osapuma mozama. Kumeneku n'kofala pambuyo pa opaleshoni iliyonse, ndipo mankhwala ake ndi kudzuka, kuyendayenda m'nyumba, ndi kukoka mpweya mozama kangapo ola lililonse. Dokotala akakuuzani kuti phapo laphwa, funsani kuti ndi kuphwa kuti mwa kuwiriku.

Mukaganiza kuti ndi phapo

Mukhazikeni tsonga, mapilo kumsana. Musamugoneke chagada. Masulani bra, sivuto kuimasula kwa ola limodzi, ndipo ngati kubanika sikukusintha bra itamasulidwa mwadziwa kuti wolakwa si iyo. Musamupatse chakudya, tiyi, kapena mapilitsi ena oti agone. Musadikire kuti kuche, ndipo musatumize uthenga wa pa WhatsApp kwa dokotala n'kumayembekezera kuti awerenge. Pemphero lichitikire m'galimoto.

Ku South Africa ambulansi ndi 10177, kapena 112 pafoni ya m'manja. Ku Britain ndi 999. Ngati muli kwathu ku Malawi, pezani galimoto iliyonse mulunjike kuchipatala chachikulu chimene chili ndi ekisire, monga Queens ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, mbali ya odwala mwadzidzidzi. Wodwala asayendetse yekha. Ngati akutuwa, akutuluka thukuta lozizira, mitsempha ya m'khosi yatupa, kapena akuyamba kusokonekera mutu, nenani zimenezo poyamba penipeni.

Pakhomo musayambe ndi mbiri ya msana wowawa. Nenani mwachidule: wachitidwa opaleshoni ya mabere tsiku lakuti, akubanika, kukubaya mbali yakuti, akupuma kangati pamphindi, ndipo tikuopa pneumothorax. Perekani kalata imene anakupatsani potuluka. Ambulansi za ku Britain zimayenda ndi mpweya wochepetsa ululu wotchedwa Entonox, womwe uja amapatsa amayi pobereka. Munthu amene phapo lake laphwa sayenera kuukoka, chifukwa umalowa mumpata uja n'kuukulitsa. Ogwira ntchito akudziwa, koma mukatchula dzina la vutolo mwawathandiza.

Ife akazi a kwathu tinaphunzitsidwa kulimba mtima, ndipo amene wachita opaleshoni ya mtundu uwu amakhalanso ndi kamanyazi kena, ngati kuti wadziputira yekha. Mng'ono wanga ali m'galimoto ankati, "Sisi, tisawavutitse anthu, mwina ndi mantha chabe." Ndinamuuza kuti akhale chete asunge mpweya.

Zimene akachite kumeneko

Amamvetsera chifuwa mbali zonse, kuika okosijeni, kenako ekisire. Ena amayamba ndi sikani pabedi pomwepo. Mpata ukakhala waung'ono ndipo munthu sakubanika kwenikweni, amangomuyang'anira n'kujambulanso. Thupi limamwa lokha mpweyawo, koma mochedwa, pafupifupi magawo awiri pa 100 a mbali imeneyo ya chifuwa patsiku, choncho zimatenga masabata. Ukakhala waukulu amaupopa ndi singano kapena kuika chubu.

Mng'ono wanga anamuika chubu. Amabaya dzanzi m'mbali, kunsi kwa khwapa, n'kulowetsa kapaipi pakati pa nthiti, mbali inayo ikupita m'botolo la madzi lokhala pansi. Madziwo ndiwo chitseko: mpweya umatuluka n'kuchita thovu, koma sungabwerere. Atangochiika, botolo linabwata ngati mphika wa nyemba, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika. Gadiyani apa ntchito yanu ndi yochepa koma yofunika. Botolo likhale pansi pa chifuwa nthawi zonse, lili chilili. Popita kuchimbudzi linyamulidwe ngati chikwama, osalikweza pabedi. Chubu chisapindike, asachigonere, ndipo wina aliyense asachitseke. Chikasololoka, tsekani bowolo ndi dzanja muitane nesi. Chimawawa, makamaka potsokomola, choncho wodwala apemphe mankhwala osachita manyazi, chifukwa kupuma mozama ndi kuyenda n'kumene kumabwezeretsa phapo. Thovu likasiya ndipo ekisire yaonetsa kuti phapo ladzaza, amachichotsa. Chake chinakhala masiku atatu.

Ndege

Apa m'pamene tinakangana kwambiri. Tikiti yobwerera ku Chileka inali itagulidwa kale, tchuthi chake kuntchito chinali kutha, ndipo iye ankadzimva kuti wachira. Koma mkati mwa ndege mpweya umakhala wopepuka ngati uli paphiri la mamita pafupifupi 2,400, ndipo mpweya uliwonse wotsekeredwa m'thupi umafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Munaonapo paketi ya tchipisi itatupa m'ndege? Kampweya kotsalira pakati pa phapo ndi nthiti kamachita chimodzimodzi, ndipo m'mwambamo mulibe ekisire kapena chubu. Ulendo wochoka ku Johannesburg ndi wa maola awiri ndi pang'ono, koma ndi wokwanira kuvulaza munthu.

Malangizo amene timatsatira ku Britain amati munthu asakwere ndege mpaka ekisire itatsimikiza kuti phapo ladzaza lonse, kenako adikirenso masiku 7, kapena 14 ngati linaphwa chifukwa chovulala. Dokotala wake anasankha 14, ndipo masikuwo anayamba kuwerengedwa tsiku la ekisire yoyera, osati tsiku la opaleshoni. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Pemphani kalata yonena kuti wodwala atha kukwera ndege, ndipo mutenge zithunzi za ekisire. Amene mukukonzekera kukachitira opaleshoni kunja, kaya ku South Africa, ku India kapena ku Turkey, gulani tikiti yosinthika ndipo musiye ndalama ya masabata ena awiri kapena atatu a malo ogona. Werenganinso bwino inshuwalansi yanu ya paulendo, chifukwa zambiri sizilipira mavuto obwera ndi opaleshoni imene munthu anaipitira dala. Ife kusintha tikiti kokha kunatidyera ndalama imene tinkati tigulire mayi firiji.

Kusambira wamba ku Mangochi mabala akapola kulibe vuto, koma kumira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya, monga amachitira ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, asayerekeze asanaonane ndi dokotala wa mapapo. Masabata oyamba asanyamule ndowa ya madzi kapena mwana, zimenenso mabala a mabere amaletsa kale. Kubanika kapena kubaya kuja kukabwereranso, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo nthawi iliyonse imene adzagonetsedwe pa opaleshoni ina, ngakhale yoberekera, auze wogonetsa odwala kuti phapo lake linaphwapo, mbali iti ndi chaka chiti.

Tsiku lonyamuka ndinatenga buku lake la kuchipatala n'kulemba pachikuto chamkati ndi zilembo zikuluzikulu: PNEUMOTHORAX, KUMANJA, ndi deti lake. Anaseka kuti ndikumuipitsira buku. Pa zipsera zonse zimene anabwera nazo, chimene amaonetsa anzake ndi kaja kakang'ono ka m'khwapa, kotalika ngati chikhadabo. Bra amavala saizi 36C tsopano, ndipo amazigula pa Limbe ngati wina aliyense.